Nkhondo inatha, koma ana aja sanabwerere onse

Kumudzi kwathu, chakumalire kwa boma la Dedza kumene munda wa kachewere umayambira ku Malawi n'kukathera ku Mozambique, kuli gogo wina amene salola kuti mwana wake azitchulidwa kuti malemu.

Gogoyu anafika kuno mu 1986 kuchokera ku Angónia. Ankayenda usiku, khanda kumsana, mtolo pamutu, dzanja lamanja litagwira kamnyamata ka zaka zinayi. Mfuti zitalira chapafupi ndi dambo, gulu lonse linangoti balala, wina uku wina uko. Mmene kunkacha, khanda linali kumsana komweko, koma m'dzanja lamanja muja munalibe kanthu. Anafuna kubwerera nthawi yomweyo, koma amuna a m'gululo anachita kumugwira kuti asakadziponye m'manja mwa asilikali. Nkhondo itatha anzake anamanga akatundu n'kubwerera kwawo, iye anakana. Anati mwanayo akadzakula n'kuyamba kufunsa, adzafunsira kuno, chifukwa kuno n'kumene aliyense ankathawira.

Lero gogoyu amaona mwachimbuuzi, komabe pakhomo pakafika mlendo wamwamuna wa zaka za m'ma 40, amayamba wamuyang'ana kuseri kwa khutu lamanzere pamene panali chipsera cha moto. Ndamvapo anthu abwinobwino, ena mwa iwo akulu a mpingo, akumuuza kuti, "Agogo, iwalani, zinapita zimenezo. Ambuye anatenga." Yankho lake silisintha: "Munawaona manda ake? Kandionetseni, ndikamete."

Ine ndili mbali ya gogoyu. Amene ayenera kuchita manyazi si mayi amene wakana kuiwala. Ndi maboma awiri, mabungwe, mipingo, mafumu ndi ife tonse amene tinasiya kufunafuna tsiku limene galimoto zomaliza za chithandizo zinachoka, ngati kuti mwana wotayika amatha ntchito pamodzi ndi pulojekiti.

Achinyamata ambiri sadziwa kukula kwa zimene zinachitika m'mapiri muno. Malire amene Angerezi ndi Apwitikizi anagwirizana mu 1891 anadula pakati pa mbumba za Achewa ndi Angoni, Domwe n'kutsala uko, Lizulu n'kukhala kuno. Mpaka lero pa Lizulu msewu wa M1 ndiwo malire: ukagula tomato mbali iyi uli ku Malawi, ukaoloka kukagula kabichi uli kwa eni. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itafika ku Angónia, sinasankhe. Pa 30 Okutobala 1985 ansembe awiri a chipani cha Ajezuiti, João de Deus Kamtedza ndi Sílvio Moreira, anaphedwa ku Chapotera kufupi ndi mishoni ya Lifidzi. Ngati ansembe ankaphedwa chotero, nanga mlimi wamba akanadikira chiyani? Chaka chotsatira anthu anakhamukira kuno ngati madzi osefukira. Pofika 1992 dziko lino linkasunga othawa nkhondo oposa 1 miliyoni, pomwe kalembera wa 1987 anapeza kuti tonse m'dziko muno tinalipo pafupifupi 8 miliyoni.

Kumwera kunali misasa ikuluikulu monga Mankhokwe ndi Nyamithuthu ku Nsanje. Kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu zinali zina. Ambiri anangolowa m'midzi, kwa atsibweni awo, kwa apongozi, kwa anthu a mfunda umodzi, mfumu n'kuwalozera pomanga kanyumba. Ichi n'chinthu chonyaditsa ndipo sindichichepetsa. Koma tivomereze kuti ufulu womwewo unabisanso ana. Mu msasa, mwana wopanda kholo amaonekera msanga kwa mlembi. M'mudzi, mwana wopezeka akulira m'mphepete mwa njira ankanyamulidwa ndi mayi woyamba kumuona, n'kusambitsidwa, n'kupatsidwa phala, mawa lake n'kulembedwa pa khadi lolandirira ufa ndi nyemba ngati mwana wa pakhomopo. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, timatero. Mwambi umenewu unapulumutsa miyoyo yambiri, koma unafafanizanso mayina. Mwana anafika ndi dzina lina, n'kukula ndi lina.

Sikuti panalibe amene anayesetsa. A Red Cross ankalemba mafomu a anthu osowa ndi kunyamula timakalata ta mauthenga pakati pa abale olekanitsidwa. Kuyambira 1988 a Save the Children, mogwirizana ndi boma la Mozambique, anayamba kujambula ana opanda owaperekeza, kulemba chilichonse chimene mwana akukumbukira, ndi kupachika zithunzizo pa zikwangwani m'misika, m'matchalitchi ndi m'malo olandirira chakudya. Ntchitoyi inafikanso kwa othawa nkhondo a m'Malawi muno. Uthenga unkayenda ndi mafumu, akatekisiti, azamba ndi ochita malonda, ndipo ana zikwizikwi anabwerera m'manja mwa abale awo. Anthu amene anagwira ntchito imeneyo, ena pa njinga zakapalasa m'misewu ya matope, ayenera ulemu.

Koma njira imeneyi inkadalira chikumbumtima cha mwana. Wa zaka khumi amadziwa dzina la bambo ake, la mfumu, la mtsinje umene ankasambako. Wa zaka zitatu kapena zinayi ukamufunsa dzina la mayi ake amati "amayi", ukamufunsa kwawo amati "kwathu". Ana otere ndi amene anatsalira. Ndipo mwana amene anali atalowa kale m'banja lina m'mudzi sanajambulidwe n'komwe, poti panalibe amene ankamuona ngati wosowa kholo.

Pa 4 Okutobala 1992 Joaquim Chissano wa Frelimo ndi Afonso Dhlakama wa Renamo anasaina mtendere ku Rome. Anthu a ku Angónia sanadikire malole a UNHCR, bungwe loona za othawa kwawo. Ambiri anangosenza malata ndi mitengo ya denga n'kuoloka wapansi, kuthamangira minda yawo mvula isanagwe. Pofika 1995 ntchito yobweza anthu inali itatha, ndipo a ku Mozambique pafupifupi 1.7 miliyoni anali atabwerera kuchokera m'mayiko oyandikana nawo. Dziko lapansi linaomba m'manja. Ife kuno maso anali pa riferendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994. Maofesi a m'maboma a kumalire anatsekedwa limodzilimodzi, ogwira ntchito n'kupita kukafuna zina. Amayi amene mafomu awo anali asanayankhidwe anatsala ndi kapepala m'chikwama cha pulasitiki, osadziwanso khomo logogoda.

Funso langa n'losavuta: mabuku aja ali kuti? Kaundula wa olandira chakudya mudzi ndi mudzi, mafomu a ana osowa, zithunzi zimene zinkapachikidwa pa zikwangwani, zonsezi zinalembedwa ndi manja a anthu ndipo zinasungidwa penapake. Nthambi yoona za othawa kwawo ku unduna wa za chitetezo cha m'dziko, a Malawi Red Cross Society, a UNHCR, a Save the Children ndi a National Archives ku Zomba atiuze poyera chimene aliyense wa iwo ali nacho. Ngati zina zinadyedwa ndi chiswe, anene, tidziwe. Ngati zina zili m'makatoni ku Geneva kapena ku Maputo, zibwere kuno, kapena zijambulidwe ziikidwe pa kompyuta pamene mlembi wa kwa DC ku Dedza angazione. Ku Geneva komweko, bungwe la Red Cross la ICRC likusungabe makadi mamiliyoni a akaidi a nkhondo yoyamba ya dziko lonse ya 1914 mpaka 1918, ndipo mdzukulu wa ku France kapena ku Germany amatha kupeza dzina la agogo ake pa intaneti. Ngati khadi la msilikali wa zaka zoposa 100 zapitazo likusamalidwa chotero, fomu ya mwana wa ku Domwe ya 1989 isakhale chinthu choyatsira mbaula. Tili ndi lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani zosungidwa ndi boma, limene linayamba kugwira ntchito mu 2020. Aphungu a ku Dedza ndi ku Ntcheu aligwiritse ntchito pa nkhani iyi.

Ana amenewa lero si ana. Ndi abambo ndi amayi a zaka za m'ma 40. Ena analeredwa bwino kwambiri, anaphunzira, ndipo amene anawalera amawatcha amayi ndi mtima wonse. Ena anakula akuweta ng'ombe za eni, kugona m'khitchini, kudya pomaliza. Ena anatengedwa kupita ku maesiteti a fodya ku Kasungu ndi ku Mchinji, n'kusowanso kachiwiri. Alipo amene sadziwa kalikonse. Koma ambiri, ndikukhulupirira, amakayikira. Munthu amadziwa pamene pa zokambirana za malo a makolo mawu ake salemera ngati a abale ake. Kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi. Munda, ufumu, manda, zonse zimatsata bere la amayi. Munthu amene sadziwa bere limene anachokera alibe mwini mbumba weniweni womuimira. Pa ukwati amachita kubwereka ankhoswe. Pa mkangano wa munda, tsiku lina wina ataledzera amamuponyera mawu aja: "Iwe ndiwe wobwera, tinakutola." Ambiri amamva chilungamo cha moyo wawo kwa nthawi yoyamba mwa njira yonyoza imeneyi.

Nanga n'chifukwa chiyani safunsa? Mantha. Mu 2017 boma linalemba anthu oposa 9 miliyoni kuti alandire chiphaso cha unzika, ndipo kumidzi umboni wa mfumu unali wofunika kwambiri. Munthu amene analembedwa ngati Mmalawi, amene ndi chiphaso chomwecho amagulira feteleza wotsika mtengo, amavotera, amalembetsera nambala ya foni, angayerekeze bwanji kupita ku ofesi ya boma n'kunena kuti, "Ndikuganiza kuti ndinabadwira ku Mozambique"? Anaona zimene zinachitika mu Meyi 2023, pamene apolisi anasonkhanitsa othawa kwawo mu Lilongwe, ana omwe, n'kuwasunga ku ndende ya Maula asanawatumize ku msasa wa othawa kwawo wa Dzaleka. Amene anaona zimenezo amasankha kukhala chete. Mfumu imene inamuchitira umboni nayo imaopa. Gogo amene anamulera amaopa kuti amutcha wakuba ana.

Apa ndiye pamene boma liyenera kuyamba, ndipo sipafuna ndalama. Linene momveka, pa wailesi ndi m'Chichewa, kuti munthu aliyense amene analowa m'dziko muno ali mwana wotayika pa nthawi ya nkhondo ija, akabwera poyera kufuna abale ake, sadzalandidwa chiphaso, sadzathamangitsidwa, ndipo amene anamulera sadzaimbidwa mlandu. Ngati pakufunika kukonza lamulo kuti lonjezo limeneli likhale lolimba, Nyumba ya Malamulo ilikonze. Inavomereza kale zoti Mmalawi atha kukhala nzika ya mayiko awiri, ndiye ichi si chachilendo. Gawo 23 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa mwana aliyense ufulu wokhala ndi dzina, wokhala ndi dziko, ndi wodziwa makolo ake. Ana awa anamanidwa ufulu umenewu ali aang'ono. Ngongoleyo sinathe chifukwa choti amera imvi.

Ndikudziwa zimene ena anene. Ati kutokosa zilonda zakale n'kusokoneza mabanja amene akukhala mwamtendere. Ndimawamvetsa, makamaka amayi amene anayamwitsa mwana wotola ndi bere lawo, n'kumuphunzitsa ndi ndalama za ganyu. Kwa amayi otere ndikuti: palibe amene adzakulandeni mwana wa zaka 42. Munthu sachepa chifukwa chokhala ndi amayi awiri. Koma mtendere umene mukuusungawo walipiridwa ndi mayi wina tsidya linalo amene sanagone tulo tabwino chiyambire 1986. Chilonda chake sichinapole kuti tinene zoti tikuchitokosa. Ndipo inu mukadzatsikira kulichete ndi chinsinsicho, mwanayo adzatsala opanda womufunsa kuti anapezeka pa njira iti, mwezi uti, atavala chiyani.

Ena ati padzabuka akamberembere, odzinamiza ubale pofuna munda kapena chuma cha masiye. Zoona, adzabuka. Komatu akamberembere alipo kale, ndipo akudya bwino chifukwa palibe njira yoongoka. Mabanja ofunafuna mwana ataya mbuzi ndi nkhuku kwa asing'anga oona pagalasi. Ataya ndalama kwa aneneri amene amalengeza pa guwa kuti mwanayo ali moyo ku Johannesburg ndipo abwera akaperekedwa mafuta odzozera. Masiku ano kwabweranso ena a pa Facebook ndi WhatsApp amene amaona chithunzi cha wosowa n'kuimba foni kuti, "Tamupeza, tumizani ya thiransipoti." Pamene boma lachoka, anthu otere ndi amene amakhala pampando wake. Mankhwala a bodza si kusiya kufunafuna. Ndi kukhala ndi kaundula mmodzi wodalirika, ndi kuyeza magazi pamene pali chikayiko.

Kuyeza DNA si nthano ya m'mafilimu. Ku Argentina, asilikali amene analanda boma mu 1976 ankapha amayi n'kugawana makanda awo. Agogo aakazi a anawo anapanga gulu la Abuelas de Plaza de Mayo mu 1977, ndipo ankanenedwa kuti ndi amisala. Iwo sanaleke. Anakakamiza akatswiri a sayansi kupeza njira yotsimikizira ubale wa gogo ndi mdzukulu ngakhale makolo palibe, ndipo mu 1987 boma linakhazikitsa nkhokwe yosungira zotsatira za magazi a mabanjawo. Adzukulu oposa 130 apezeka. Mtsogoleri wa gululo, Estela de Carlotto, anapeza mdzukulu wake mu 2014, patatha zaka 36, ndipo anali mdzukuluyo amene anayamba kukayikira n'kupita yekha kukayezetsa. Taonani bwino mfundo imeneyi. Pakapita zaka zambiri, si kholo lokha limene limafunafuna. Mwana naye amayamba kufuna. Chofunika n'choti akadzagogoda, apeze khomo lotsegula ndi magazi a amayi ake atasungidwa, ngakhale amayiwo atapita. Sindikunena kuti tiyeze aliyense wa kumalire. Ndikunena za amayi okalamba owerengeka amene akudikirabe, amene chaka chilichonse tikuwaika m'manda mmodzimmodzi pamodzi ndi umboni wawo. Malawi ndi Mozambique ali ndi komiti yokhazikika yokambirana za mgwirizano wawo. Amakambirana za njanji ya Nacala, za magetsi, za mafuta. Aikepo ndi nkhani iyi.

Koma ndisanamize anthu kuti zonse zidikire Lilongwe ndi Maputo. Zida zambiri zili m'manja mwathu. Mipingo ili ndi mabuku a ubatizo. Parishi za dayosizi ya Dedza ndi mipingo ya sinodi ya Nkhoma zinabatiza ana ambiri m'zaka za 1986 mpaka 1994, ndipo akatekisiti ndi akulu a mpingo a nthawi imeneyo, amene akali moyo, amakumbukira mwana amene anabwera ndi "makolo" oti sanamubereke. Tsidya linalo kuli dayosizi ya Tete ndi sinodi ya Mphatso ku Vila Ulongwe, anthu olankhula chinenero chathu chomwechi, oimba nyimbo zomwezi. Chovuta n'chiyani kuti Lamulungu limodzi pa chaka mayina a osowa awerengedwe m'matchalitchi ndi Lachisanu m'mizikiti ya mbali zonse ziwiri? Mawailesi athu amaulutsa mauthenga a maliro tsiku ndi tsiku, ndipo mawu ake samaima pa chipata cha malire cha Calomue. Ku South Africa pulogalamu ya Khumbul'ekhaya pa SABC yakhala ikulumikiza mabanja kwa zaka zambiri. Ife tikulephera theka la ola pa sabata lowerenga mfunda, mudzi, mtsinje, chipsera, chaka?

Mafumu nawo asadzichepetse. Malemu Inkosi Theresa Kachindamoto, wa m'boma lomwe lino, anaonetsa dziko lonse kuti mfumu ikalankhula motsimikiza, ana amatuluka m'nyumba zimene anatsekeredwa. Anathetsa maukwati a ana mazanamazana. A Kachere, a Kamenyagwaza, a Kasumbu ndi anzawo aitane nyakwawa zawo, afunse mudzi ndi mudzi: ndani analera mwana wa nthawi ya nkhondo, ndani anataya mwana? Zilembedwe m'kope, zikafanizidwe ndi za mafumu a ku Angónia ndi ku Tsangano, amene timakumana nawo kale pa maliro ndi pa miyambo. Nyakwawa zimadziwa. Palibe mwana amene analowa m'mudzi mfumu osamva.

China chimene chimandiwawa n'choti sitinaphunzirepo. Mu 2016 anthu a ku Tete anathawiranso ku Kapise m'boma la Mwanza. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anasiya anthu oposa 500 osadziwika kumene ali. A Red Cross anathandiza kulumikiza mabanja monga amachitira ku Dzaleka, koma ntchito yotere siyenera kukhala ya miyezi ya ngozi yokha. Dziko limene lilibe kaundula wokhazikika wa anthu osowa, amene wapolisi wa pa Chimbiya kapena pa Lobi angalembemo lero ndipo wina n'kudzamutsegula patapita zaka 30, likuuza mayi aliyense wotaya mwana kuti nkhani yake idzatha tsiku limene wapolisi amene anailemba adzasamutsidwe.

Maliro ali ndi mwambo wake. Timalira, timaika, timameta, pakapita nthawi timamanga chiliza, mtima n'kuyamba kukhala pansi. Kusowa kulibe mwambo. N'chifukwa chake gogo wa kwathu uja sitingamuuze kuti aiwale. Palibe chimene tamupatsa choti aiwalire.

Inu amene munatola mwana m'zaka zimene zija, muitaneni sabata ino, mukhale naye pansi, mumuuze malo, chaka ndi zimene anavala. Inu amene munakula mukumva manong'onong'o oti si inu a pakhomopo, funsani akuluakulu adakali ndi mpweya, kenako pitani ku ofesi ya Red Cross ya m'boma lanu mukalembetse kuti mukufuna abale anu. Ndipo inu a DC ndi aphungu a Dedza, itanitsani mabuku aja chaka chino. Amayi amene anaoloka malire mu 1986 ali ndi zaka 30, lero akuyandikira 70, ndipo ambiri a iwo tawaika kale.